"Ndikamasule mbuzi kaye": chifukwa chake opulumuka nkhondo amakamba za banja

Agogo anga, obereka amayi, anakhala nafe ku Kawale mpaka tsiku limene anatisiya, ndipo nkhani ya nkhondo ya ku Mozambique ankaiyamba ndi nyemba. Akuti m'mawa umenewo, mu 1986, mvula isanagwe, anali atatereka nyemba pamoto m'mudzi mwawo cha ku Ulongwe, ku Angonia. Mfuti zitalira kutsidya kwa dambo anabereka wamng'ono, n'kukoka dzanja la amayi anga, amene anali ndi zaka 13. Alongo awo anawaperekeza mpaka kumapeto kwa munda, kenako anaima. "Tsogolani, ndikamasule mbuzi kaye. Ndikupezani kumsewu."

Kumsewu ndi kumalire. Amene mumayenda pa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu mukudziwa kuti m'malo ambiri msewuwo ndiwo malire, uku Malawi uko Mozambique. Agogo anafikako mawa lake ali ndi ana awiri ndi chipande m'manja, chimene sanadziwe n'komwe kuti ananyamula. Anadikira m'mbali mwa msewu masiku 4. Alongo awo sanatulukire.

Ndili mwana nkhaniyi sinkandikwanira. Ndinkafuna kumva za asilikali, kaya anali a Renamo, olimbana ndi boma, kaya a Frelimo, a boma, anavala chiyani, anapha angati. Agogo ankangoti, "Iwe, wothawa amayang'ana nkhope ya mwini mfuti?" n'kubwereranso ku nyemba zawo ndi mbuzi. Nditakula ndinaona kuti sanali okha. Myuda wopulumuka m'misasa ya Hitler, mayi wa ku Rwanda, mnyamata wa ku Congo amene ali ku Dzaleka, akayamba kufotokoza amatsogoza zofananazi: mawu omaliza a mayi, nsapato ya mwana, ndiwo zimene zinatsala pamoto. Pali zifukwa zake, ndipo ife a ku Lilongwe tiyenera kuzidziwa, poti anthu osenza nkhani zoterezi timakwera nawo minibasi tsiku ndi tsiku.

Chizunzo chimalowera pa magazi

Pankhondo ya asilikali okhaokha, munthu amafa chifukwa cha mbali imene akumenyera. Chizunzo chimayenda mwina. Chimasaka munthu chifukwa cha amene anam'bereka. Malamulo a ku Nuremberg a 1935, amene boma la Hitler linkasiyanitsira Ayuda ndi anthu ena, ankawerenga agogo: ukakhala ndi agogo atatu kapena anayi achiyuda, ndiwe Myuda, ngakhale utabatizidwa kutchalitchi. Ku Rwanda, zitupa zimene atsamunda a ku Belgium anayambitsa m'ma 1930 zinkalemba ngati munthu ndi Mhutu, Mtutsi kapena Mtwa, ndipo mwana ankatenga mtundu wa bambo wake. Mu 1994, kuyambira pa 7 Epulo, zitupa zomwezo n'zimene zinkaonetsedwa pa malodibuloko. M'masiku pafupifupi 100 anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa, ambiri mwa iwo Atutsi, pamodzi ndi Ahutu amene anakana kupha.

Ndiye kuti chimene munthu ankafera ndi ubale weniweniwo. Dzina la bambo, nkhope yofanana ndi ya mayi, zinthu zimene tsiku lililonse zimatinyaditsa, zinasanduka umboni wom'phera. Ku Mozambique mtundu sunali nkhani yaikulu, koma njira yake inali yomweyo. Mwana wako akapita ndi mbali ina, khomo lonse linkalipira kwa mbali inayo. A Renamo ankagwira ana n'kuwasandutsa asilikali kapena onyamula katundu, boma la Frelimo linkasamutsira anthu m'midzi yake ya pamodzi, kutali ndi minda ndi manda a makolo awo. Nkhondoyo inayamba mu 1977 n'kutha mu 1992, ndipo inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni.

Ndipo ozunza, kulikonse, amayamba ndi kulekanitsa. Ku Auschwitz, msasa wa Hitler wophera anthu m'dziko la Poland, sitima ikangoima, amuna ankaimikidwa mzere wawo, amayi ndi ana wawo, ndipo ambiri anaonana komaliza pamenepo, osatsanzikana. Ku Srebrenica, m'dziko la Bosnia, mu Julayi 1995, amuna ndi anyamata anapatulidwa kwa akazi awo ndi amayi awo, ndipo oposa 8,000 anaphedwa. Wopulumuka akamangobwerera pa mphindi imene anasiyana ndi wake, akukulozerani pamene mpeni unalowera. Kwa agogo anga nkhondo yonse ya zaka 15 inachitikira kumapeto kwa munda uja.

Pali chinthu china chimene akatswiri anachiona kalekale. Pamene ndege za Germany zinkaponya mabomba mu London pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, Anna Freud ndi Dorothy Burlingham ankasunga ana aang'ono m'nyumba zimene anatsegula ku Hampstead. Anapeza kuti mwana wamng'ono amapirira phokoso la mabomba ngati mayi ake ali pafupi ndipo sakunjenjemera, koma kum'chotsa kwa mayi ake, ngakhale kum'pititsa kumalo abata, kumam'vulaza kwambiri. Amayi anga amanena zofanana osawerenga buku lililonse. Usiku umene anagona m'tchire saukumbukira ngati woopsa. Akukumbukira kuti anagona atatsamira msana wa amayi awo ndipo kunali kofunda.

N'chifukwa chake zimandiwawa ndikaganiza za makolo amene chikondi chinawakakamiza kuchita chimene mwana amachiopa koposa. Pakati pa Disembala 1938 ndi Seputembala 1939, ana pafupifupi 10,000, ambiri achiyuda, anakwezedwa sitima kupita ku Britain kuthawa boma la Hitler, opanda makolo awo. Makolowo anasankha okha kuwatumiza kwa anthu osawadziwa, ndipo ambiri mwa anawo sanaonanenso ndi makolo awo. Mwana wa zaka 6 sangamvetse kuti akum'pulumutsa. Iye amangoona kuti amayi am'siya pa siteshoni. Ena anafika pokhala ndi ana awoawo asanamvetse chimene makolo awo anapirira tsiku limenelo.

Chipande

Munthu akagwidwa ndi mantha aakulu, maganizo salemba zonse mwandondomeko ngati kalaliki. Amagwira pang'ono, koma mwamphamvu: fungo, mawu amodzi, mtundu wa nsalu. Tsiku ndi mwezi zimatha kusokonekera, fungo la nyemba osachoka. Ena amaona ngati wopulumuka akuzemba nkhani yeniyeni akamakamba tinthu ting'onoting'ono. Ine ndimati timeneto ndi timene tinatsala tamoyo.

Tinthuti timagwiranso ntchito ina. Ozunza amasandutsa anthu manambala. Ku Auschwitz ankawadinda nambala pamkono, ndipo ngakhale ife ofuna kukumbukira timagwa m'mbuna yomweyo tikamati Ayuda 6 miliyoni, 800,000 a ku Rwanda, 1 miliyoni a ku Mozambique. Palibe amene angalire nambala. Pamalo achikumbutso a ku Gisozi, mu Kigali, amene anatsegulidwa mu 2004 ndipo panaikidwa mitembo ya anthu oposa 250,000, pali chipinda cha ana. Pansi pa chithunzi cha mwana aliyense analemba dzina lake, zaka zake, chakudya chimene ankakonda, mnzake wapamtima, kenako mmene anaphedwera. Zinthu zoterezi boma silingazidziwe. Amazidziwa ndi mayi, azakhali, mkulu wake. Banja likanena kuti mwanayu ankakonda mkaka, lam'chotsa pamulu n'kum'bwezera umunthu wake.

Ku Germany, m'tauni ya Bad Arolsen, kuli malo osungira zikalata za anthu pafupifupi 17.5 miliyoni amene anazunzidwa ndi boma la Hitler. Kumeneko kulinso mawotchi, mphete ndi zithunzi zimene akaidi analandidwa polowa m'misasa, ndipo kuyambira mu 2016 akhala akusakasaka mabanja kuti awabwezere. Amene amalandira masiku ano ndi zidzukulu zimene sizinamuonepo mwini wotchiyo. Ndikamva zimenezi ndimaona chipande cha agogo. Sichinali chokongola, chinali chitagamphuka mbali imodzi, koma ku Kawale kuja palibe amene ankaloledwa kuomolera nacho nsima. Chinkakhala m'sutikesi pamodzi ndi nsalu za ku Mvano. Ndicho chokha pansi pano chimene chinakhalapo m'nyumba imodzi ndi alongo awo.

Maliro osalirika

Apa ndi pamene Mchewa ayenera kumva msanga kuposa wina aliyense. Kwathu imfa ili ndi njira yake. Uthenga umapita kwa amfumu, anthu amagona pa siwa, adzukulu amakumba manda, thupi limaikidwa anthu akuona. Pambuyo pake pamakhala m'meto, ndipo patapita nthawi banja limasonkhana kumanga chiliza. Chilichonse mwa zimenezi chimauza mtima kuti zachitikadi, munthu uja wapita, tsopano mukhoza kubwerera kumunda. Namfedwa amadziwika kuti ndi namfedwa, ndipo mudzi umadziwa mom'chitira.

Nanga amene sanaone thupi? Agogo sanamete. Akanameta bwanji, munthu anati ndikupezani? Kumeta kukanakhala ngati kum'pha ndi manja awo. Koma sakanathanso kunena kuti ali moyo. Pauline Boss, katswiri wa za mabanja wa ku America, anayamba kufufuza vuto limeneli m'ma 1970 pakati pa mabanja a asilikali oyendetsa ndege amene anasowa pa nkhondo ya ku Vietnam. Anafotokoza kuti kutaya munthu popanda chitsimikizo kumaumitsa chisoni pamalo amodzi. Mkazi sadziwa ngati ndi wamasiye, mwana sadziwa ngati ali ndi bambo, ndipo udindo wa wosowayo umakhala wopanda mwini chifukwa palibe wolimba mtima kuutenga. Kwathu zimenezi zinaonekera pa ukwati wa amayi. Amalume awo ndiwo anali mwini mbumba, oyenera kukhala nkhoswe. Anaimirira ndi munthu wa kumpingo, ndipo amayi amati agogo tsiku lonselo maso anali kunjira.

Mtendere wa ku Mozambique utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera. Dziko la Malawi linali litalandira othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, pamene kalembera wa 1987 anapeza kuti ife eni tinalipo pafupifupi 8 miliyoni. Ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Cha kuno ku Dedza ndi Ntcheu ambiri anangokhala m'midzi, poti chiyankhulo ndi chimodzi, mafuko ndi amodzi, ena ndi apachibale. Pofika mu 1995 ambiri anali atapita. Agogo anapitako kamodzi. Anapeza pamene panali nyumba pamera tchire, ndipo aliyense amene anam'funsa anali ndi yankho lake: wina anamuona atasenzetsedwa katundu, wina anamva kuti ali ku Tete, wina anangogwedeza mutu. Anabwerera ku Malawi, kumene mwana wawo anali atakwatiwa.

Mayiko amasiyana pothandiza mabanja otere. Ku Mozambique nyumba ya malamulo inakhululukira onse mu 1992, ndipo sipanakhale bwalo lofufuza zimene zinachitika. M'midzi anthu anagwiritsa ntchito miyambo yosambitsa obwera kunkhondo kuti alowenso m'mudzi, ndipo zinathandiza anthu kukhalanso limodzi. Koma amene anali ndi funso loti wanga ali kuti analibe kokafunsa. Rwanda inadzera kwina. Mabwalo a m'midzi otchedwa gacaca, amene anatsekedwa mu 2012 atazenga milandu pafupifupi 2 miliyoni, ankachepetsa chilango kwa wovomera mlandu wake n'kuulula zonse. Mabwalowo anali ndi zofooka zambiri, ndipo anthu ankaweruzidwa popanda loya wowaimira. Komabe mabanja ambiri anapeza kumeneko chimene ankachifuna kuposa chilango: kulozeredwa dzenje, kufukula mafupa, kuwatsuka, kuwaika mwaulemu. Ku Srebrenica nakonso, chaka chilichonse pa 11 Julayi amaika m'manda amene azindikiridwa kudzera mu DNA, nthawi zina mafupa ochepa chabe. Timati chibale ndi fupa, sichiwola. Amayi a kumeneko anadikira fupalo zaka zambirimbiri.

Ntchito yosaka osowa ndi yakale. A Red Cross anaiyamba mu 1870 ku Basel, pa nkhondo ya France ndi Prussia, ndipo mpaka lero kakalata kawo kofotokoza za banja zokhazokha kamadutsa kumene foni ndi positi sizifika. Pa nkhondo ya ku Mozambique, mabungwe ankajambula ana osochera n'kumata zithunzi zawo m'misasa kuti wachibale akazindikire. Ena anapezana. Kwa amene sanapezane, nkhani yokambidwa madzulo ndi imene inalowa m'malo mwa manda. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake agogo ankaibwereza mosasintha liwu. Munthu sasuntha manda.

Zimene sizinenedwa

Nkhani ya m'banja ili ndi mbali imene imabisa, ndipo si bwino kuikometsera. Dan Bar-On, katswiri wa za maganizo wa ku Israel, analankhula za makoma awiri: kholo limamanga khoma lake posafuna kulemetsa mwana, mwana naye amamanga lake posafuna kudzutsa chilonda cha kholo. Wina akatsegula kazenera, amapeza khoma la mnzake. Onse awiri akuchita zimenezi chifukwa chokondana, koma mapeto ake mwana amakula akumva kulemera kwa chinthu chimene sakuchidziwa dzina.

Kuseri kwa khomalo nthawi zambiri kumakhala kudziimba mlandu. Bwanji ine ndinapulumuka? Pali mayi amene ananyamula mwana mmodzi n'kusiya wina chifukwa manja ndi awiri. Pali mtsikana amene anagwiriridwa ndipo mwana amene akumulera ndi wa tsiku limenelo. Pali bambo amene analoza khomo la mnzake kuti lake lisiyidwe. Nkhani zambiri zimene timazikonda, zam'mabuku ndi zam'mafilimu, zimasonyeza ngati chikondi chimapulumutsa. Mabanja ambiri amene anatheratu ankakondana chimodzimodzi ndi amene anapulumuka. Kunena kuti awa anapulumuka chifukwa cha chikondi n'kunyoza enawo.

Agogo anatsegula zenera lawo kamodzi kokha, kwa amayi, atadwala matenda awo omaliza. Mbuzi zija zinali zawo. Pothawa paja, iwo ndiwo anatembenuka n'kunena kuti, "Nanga mbuzi zanga zili m'khola?" Zaka zoposa 30 anakamba nkhaniyo kuyambira pa yankho la alongo awo, funso lawo osalitchula. Amayi akuti anangowagwira dzanja n'kuti, "Amayi, mfuti simunagwire ndinu." Sindikudziwa mawu ena amene akanaposa amenewo.

Chikumbukiro cha banja chimathanso kusenza chidani. Mwana amene wakula akumva kuti a mtundu wakutiwakuti anapha agogo ako akhoza kulandira mkwiyo popanda kulandira chisoni chake, ndipo andale amadziwa kukolezera moto umenewu. Opha anzawo nawonso amauzidwa kuti akuteteza ana awo. Ndimayamikira kuti agogo sanatipatse dzina la mdani. Mwina sankalidziwadi, mwina anasankha. Anatipatsa dzina la mlongo wawo, ndipo mng'ono wanga ndiye akulitchedwa.

Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera mu mzinda uno, m'boma la Dowa, pali Dzaleka. Kale inali ndende ya andale m'nthawi ya Kamuzu, ndipo mu 1994 inasanduka msasa wa othawa kwawo. Inakonzedwera anthu 10,000 kapena 12,000, lero muli oposa 50,000, ambiri a ku Congo, Burundi ndi Rwanda. M'tauni muno tonsewo timangowatcha Maburundi, dzina limodzi lokwirira mayiko atatu ndi nkhondo zosiyanasiyana. Ana ambiri a mumsasamo anabadwira momwemo, ndipo kwawo amakudziwa kudzera m'kamwa mwa makolo basi, monga mmene ine ndimadziwira Angonia.

Wopempha chitetezo amayenera kufotokoza nkhani yake kwa ofunsa mafunso, ndipo mafunsowo amafuna tsiku, malo, dzina la gulu, ndondomeko yosasemphana. M'pomveka, poti pamafunika umboni. Koma taganizani agogo anga ali pampando umenewo. Akanati sakudziwa amene anawombera, mwezi sakuukumbukira, koma nyemba zinali pamoto. Munthu woona akhoza kuoneka wabodza chifukwa choti maganizo ake anasunga zimene fomu sikufunsa. Ndipo mu Meyi 2023, pamene boma linagwira othawa kwawo okhala m'matauni kuti abwerere kumsasa, ena n'kuyamba asungidwa kundende ya Maula pamodzi ndi ana awo, ndinaganiza za makolo amene anali atalumbira mumtima kuti mwana wawo sadzaonanso galimoto ya asilikali pakhomo. Za lamulo anthu akhoza kutsutsana. Zoti usiku umenewo unadzutsa usiku wina wakale, sindikayika.

Mumsasa momwemo muli chikondwerero cha Tumaini, chimene wolakatula ndakatulo wa ku Congo, Menes la Plume, anayambitsa mu 2014. Anthu amachoka ku Lilongwe kukaonera, ena n'kugona m'nyumba za mabanja a mumsasamo. Mukapitako, kapena mayi wogulitsa pafupi nanu akadzayamba yekha kukamba za kwawo, musathamangire kufunsa kuti anapha ndani. Funsani dzina la amene akum'kumbukayo, ndi chimene ankakonda kudya. Akasiyira panjira, m'lekeni asiyire pomwepo.

Agogo tinawaika ku Dedza, m'mudzi umene unawalandira. Pokonzekera chiliza, amayi anapempha kuti pamwalapo palembedwenso dzina la amalume awo. Akuluakulu anakambirana nthawi yaitali, ena ankati sizichitika kulemba munthu pamanda amene sanagonemo, mwina ali moyo kwinakwake. Pomaliza amfumu anati mbumba ndi imene ikudziwa kulira kwake. Mmisiri atafika pa dzina lachiwirilo anafunsa chaka chobadwa ndi chaka chomwalira. Amayi anati chobadwa sakuchidziwa, ndipo chinacho asalembe. Pansi pa dzina la agogo pali zaka ziwiri. Pansi pa la alongo awo analemba kuti Ulongwe, 1986.